Cipembedzo m'Sukulu za Dziko Lathu: Mbiri Yace

Pali funso limene labvuta makolo, aphunzitsi, abusa ndi akuru a Boma m'dziko muno zaka zoposa 100, ndipo ndi ili: Kodi sukulu imene inamangidwa ndi mpingo, koma mphunzitsi wace alandira malipiro ocokera ku msonkho wa anthu onse, iri ya yani? Ndipo mwana wolowa m'menemo, kodi ayenera kupemphera monga apemphera mwini nyumbayo, kapena monga apemphera atate wace ndi amace? Funso ili siliri la anthu anzeru a m'mizinda okha iai. Lifika pakhomo pa yense wa ife amene m'mawa auza mwana kuti, Samba, tenga mabuku ako, belu lalira. Cifukwa cace tifuna kulondola mlandu uwu kuyambira paciyambi pace, pakuti woweruza mlandu asanamve kumene unacokera aweruza mokhota.

MAPHUNZIRO A MAKOLO

Tisayese kuti Azungu asanafike ana a dziko lino analibe powaphunzitsa. Mnyamata anaphunzira kumphala ndi kubwalo, namwali analangizidwa kutsimba ndi anamkungwi. Acewa anali nalo dambwe lao, Ayao anali nalo jando ndi nsondo. M'malo onsewa mwambo wa kukhala bwino ndi anthu unayendera pamodzi ndi kuopa Mulungu ndi mizimu ya makolo, ndipo panalibe munthu woganiza kuti ziwirizi zingathe kulekana. Ndiponso Cisilamu citafika ku Nkhotakota ndi Jumbe, ngati m'zaka za 1840, ndi mafumu a Ciyao monga Makanjila atacilandira ngati caka ca 1870, ana a kumeneko anayamba kukhala pamaso pa mwalimu, kuloweza Korani ndi kuphunzira zilembo za Ciarabu. Cotero sukulu ya sileti ndi bolodi pofika, inapeza anthu ozolowera kale kuti wophunzitsa mwana amphunzitsanso kupembedza.

SUKULU INABADWIRA M'CALICI

Sukulu imeneyi inadza ndi amisyoni. M'caka ca 1861 Bishop Mackenzie ndi anzace a U.M.C.A. anakhala pa Magomero, nasonkhanitsa anthu oomboledwa ku ukapolo, nayamba kuphunzitsa ana. Koma malungo, nkhondo ndi njala zinapasula nchitoyo, ndipo Bishopyo anamwalira mu January 1862. M'caka ca 1875 a Livingstonia anafika pa Cape Maclear, Dr. Robert Laws ali pakati pao, nayamba sukulu pamenepo. Anasamukira ku Bandawe m'caka ca 1881, natsegula sukulu yaikuru ya Overtoun pa Khondowe m'caka ca 1894. A Blantyre anadza m'caka ca 1876. A U.M.C.A. anabweranso nakhazikika pa Likoma m'caka ca 1885. A Dutch Reformed anamanga pa Mvera m'caka ca 1889 ndi pa Nkhoma m'caka ca 1896. Akatolika pa Nzama m'caka ca 1901 ndi pa Mua m'caka ca 1902. Ndipo mwana wa dziko lino, John Chilembwe, anatsegula misyoni yace pa Mbombwe m'caka ca 1900, namanga sukulu zace m'midzi yozungulira.

Kucokera ku malo amenewa sukulu zinafalikira m'midzi. Anthu a mudzi anatema mitengo, akazi namweta udzu, namata zipupa. Mfumu inapereka malo. Nyumba yomweyo inali sukulu masiku a nchito, ndi calici tsiku la Sabata. Munthu yemweyo anali mphunzitsi m'mawa, mlaliki madzulo. Mwana atadziwa zilembo, buku loyamba limene anampatsa linali la Uthenga Wabwino, pakuti amisyoni anafuna kuti munthu ali yense adziwerengere yekha Mau a Mulungu m'cinenero ca kwao. M'masiku amenewo munthu akadafunsa kuti, Malo a cipembedzo m'sukulu ali pati? anthu akadamseka, pakuti sukulu ndiyo inali ndi malo m'cipembedzo.

Tiyenera kukumbukira ici ndi ciyamiko. Zaka zoposa 30 Boma lisanaperekepo ndalama, mipingo ndi anthu a m'midzi anasenza okha katundu ameneyu. Alembi oyamba a m'maofesi, amisiri a matabwa ndi a njerwa, osindikiza mabuku, othandiza m'zipatala, ndi ambiri a iwo amene pambuyo pace anatsogolera dziko ku ufulu, anaturuka m'sukulu zimenezi.

AMENE ANATSALA KUNJA

Koma mbiri yoona iyenera kuwerenganso iwo amene sanalowe. Popeza sukulu inali khomo la mpingo, kholo losafuna mpingowo linaopanso sukulu. Asilamu ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota anakaniza ana ao, poopa kuti mwana adzabwera ndi dzina lacilendo, nadzaleka mapemphero ndi miyambo ya kwao. Anasankha madrasa, nasunga cikhulupiriro cao. Koma mtengo wace unali waukuru, pakuti nchito za ulembi ndi za uphunzitsi zinapita kwa ana a anzao, ndipo maboma amenewo anatsalira m'maphunziro mibadwo ingapo.

Pakati pa Acewa panauka mkangano wina. Eni dambwe anaona kuti sukulu iwalanda anyamata, ndipo aphunzitsi anaona kuti nyau ziwalanda ana a sukulu. M'zaka za 1920 mlandu uwu unakula kwambiri m'maboma a Dedza ndi Lilongwe, nufika kangapo pamaso pa akuru a Boma. Ndipo ngakhale Akristu okhaokha anapikisana: mpingo umene unayamba kuika sukulu m'mudzi unayesa mudziwo wace, ndi wina pofika pambuyo pace panabuka mirandu ya malire. Mwana wosadziwa kanthu za mikangano iyi ndiye analandira bvuto lace, pakuti nthawi zina anapitirira sukulu ya pafupi, nayenda ulendo wautali kukafuna ya mpingo wa makolo ace.

NDALAMA YA BOMA ILOWA

Dziko lino linakhala pansi pa Britain m'caka ca 1891, ndipo posacedwa anthu anayamba kukhoma msonkho wa nyumba. Koma kufikira caka ca 1907 Boma silinaperekepo kanthu pa maphunziro. Caka cimeneco linapereka £1,000 kuti amisyoni agawane. Ndalamayo inali yocepa ndithu poyerekeza ndi sukulu mazanamazana. Koma pano, abale, ndipo pali phata la mbiri yonseyi. Ndalama imeneyo inacokera m'thumba limene anaponyamo Mkristu, Msilamu ndi mwini dambwe yemwe. Wokhometsa msonkho sanafunse munthu kumene apemphera. Kuyambira tsiku limenelo sukulu inakhala ndi eni awiri: mpingo umene unaimanga, ndi anthu onse amene anayamba kuidyetsa.

M'caka ca 1924 kunafika alendo a Phelps-Stokes kudzaona sukulu za dziko lino, motsogozedwa ndi Dr. Thomas Jesse Jones, ndipo pakati pao panali Dr. James Aggrey, munthu wakuda wa ku Gold Coast. Iwowa anaona kuti Boma lasiyira amisyoni nchito yonse, nalicenjeza kuti ligwireko. Caka cotsatira, 1925, akuru a ku London analemba malangizo a maphunziro a maiko a mu Africa olamulidwa ndi Britain, ndipo m'menemo anaika ciphunzitso ca cipembedzo ndi makhalidwe pa malo a ulemu. Cotero Boma silinadze kudzacotsa pemphero m'sukulu iai, koma kudzagwirizana ndi mipingo. M'caka ca 1926 linakhazika ofesi ya maphunziro, m'caka ca 1927 linaika lamulo loyamba la sukulu, ndipo m'caka ca 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes pa Domasi, yokonzera aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi.

Amisyoni ena anadandaula nalo lamulo la 1927, poona kuti Boma lifuna kuyesa aphunzitsi ao ndi kuweruza sukulu zao, ndipo m'caka ca 1930 lamulolo linakonzedwanso. Koma akuru akale anati, Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Wolandira ndalama ya anthu ayenera kulola kuti anthu amfunse. Ngakhale cotero, dzanja la mipingo linakhalabe lamphamvu. Sukulu ya sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa m'caka ca 1940 mogwirizana ndi mipingo ya Ciprotestanti. Ya Zomba m'caka ca 1942 inali ya Akatolika. Ndipo sekondale yoyamba ya Boma lokha, ya Dedza, inadza m'caka ca 1951.

MASIKU A UFULU

Cisankho ca 1961 citaika ana a dziko lino m'mipando ya unduna, Kanyama Chiume anakhala nduna ya maphunziro, ndipo m'caka ca 1964 dziko linalandira ufulu ndi dzina la Malawi. Boma latsopano linafuna kuti sukulu yodya ndalama ya msonkho itsegukire ana onse, osasankha mpingo. Pang'ono pang'ono makonzedwe anakhazikika amene tiri nao kufikira lero: mpingo ukhala mwini malo ndi nyumba za sukulu zambiri, koma Boma lilipira aphunzitsi, lisankha zophunzitsa, niliyesa mayeso. Ana a Asilamu anayamba kulowa ocuruka, ngakhale mantha akale sanathe msanga. Ndipo phunziro la cipembedzo lolembedwa pa mayeso linakhalabe la Buku Lopatulika lokha.

Pano pali cina coyenera kucisunga mumtima, makamaka iwo amene aganiza kuti Boma likatenga zonse cikumbumtima ca mwana cidzapumula. M'caka ca 1967 Boma linaletsa mpingo wa Mboni za Yehova, cifukwa anthu ace anakana kugula makadi a cipani. M'caka ca 1972 zikwi zambiri za iwo zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndi ana ao anasiya sukulu m'mbuyo. Ciletso cimeneco cinacotsedwa m'caka ca 1993. Anawo sanaturutsidwe ndi mbusa kapena shehe iai, koma ndi mphamvu ya dziko. Cotero tiona kuti kukakamiza sikuli nthenda ya nyumba imodzi; ali yense wogwira ndodo angathe kuigwiritsa molakwa.

MIRANDU ITATU YA MASIKU ATHU

M'caka ca 1994 dziko linalandira malamulo atsopano otsimikiza ufulu wa cikumbumtima ndi wa cipembedzo kwa munthu ali yense, ndi ufulu wa maphunziro. Caka comweco Bakili Muluzi, Msilamu, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko, ndipo sukulu za pulaimale zinakhala zaulere. Ana amene anali ngati 1,900,000 anafika pafupifupi 3,000,000 m'caka cimodzi. Ana a zipembedzo zonse anadzala m'zipinda zomangidwa ndi mipingo, ndi pansi pa mitengo pomwe. Pamenepo funso lakale lija linauka ndi mphamvu yatsopano, ndipo labala mirandu itatu.

Woyamba unali wa zophunzitsa. M'caka ca 2000 unduna wa maphunziro unafuna kucotsa phunziro la Buku Lopatulika m'sekondale, ndi kuikapo lina lophunzitsa pamodzi za Cikristu, za Cisilamu ndi za cipembedzo ca makolo. Mipingo inakana, niti, Sukulu tinamanga ife, ndipo simunatifunse. Mtsogoleri wa dziko anaimitsa cinthuco. Pamenepo Asilamu nao anadandaula, nati, Kodi ana athu adzayesedwa mayeso a buku la eni kufikira liti? Atakambirana nthawi yaitali anapangana kuti maphunziro onse awiri akhalepo, ndi kuti pakhale kusankha. Panalibe wopambana kotheratu, ndipo cifukwa ca ici mtendere unakhala.

Waciwiri unali wa zobvala. Asungwana a Cisilamu anafuna kulowa m'sukulu za mipingo atafunda mpango wa kumutu umene ati hijabu. Eni sukulu ena anakana, nati uniformu iri imodzi. Ku Balaka m'caka ca 2019 ndi ku Machinga m'caka ca 2020 mkangano unafika pa ciwawa, nyumba zinaonongeka, ndi sukulu zina zinatsekedwa, ana a mbali zonse ziwiri nakhala pakhomo. Bungwe la Public Affairs Committee, limene linayamba m'caka ca 1992 ndipo muli akuru a mipingo ndi a Cisilamu, linaitana mbali zonse. Ndipo mu June 2021 anasaina pangano lolola asungwanawo kubvala mpango wao, wa mtundu wogwirizana ndi uniformu ya sukulu.

Wacitatu unali wa tsitsi. Ana a Arasta, amene cikhulupiriro cao ciwaletsa kumeta, anabwezedwa pa makomo a sukulu za Boma zaka zambiri. Iwowa ndi anthu ocepa, opanda sukulu zao, opanda akuru omveka m'dziko. Cifukwa cace anapita ku bwalo la mirandu. Mu May 2023 Bwalo Lalikuru pa Zomba linagamula kuti kukaniza mwana sukulu cifukwa ca tsitsi lotere kutsutsana ndi malamulo a dziko, nililamula kuti anawo alandiridwe.

Taonani kuti m'mirandu itatu yonseyi panalibe mmodzi wopempha kuti dzina la Mulungu licotsedwe m'sukulu. Ali yense anapempha malo a cikhulupiriro cace. Pa kalembera wa 2018 anthu a dziko lino anali oposa 17,500,000. Mwa anthu 100 ali onse ngati 77 anadzinenera Akristu, ndi ngati 14 Asilamu. Mtundu wotere sufuna sukulu yopanda pemphero. Cimene ubvutika naco ndico kupemphera pamodzi anthu osiyana.

NJIRA ZA MAIKO ENA

Tisayese kuti bvuto ili ndi lathu lokha. Maiko ena analipeza kale, nasankha njira zosiyana. A ku France m'caka ca 1882 anacotsa ciphunzitso ca cipembedzo m'sukulu za Boma, nasiya tsiku limodzi pa sabata kuti makolo ofuna atumize ana ao kwa ansembe. A ku America m'zaka za 1962 ndi 1963 analetsa, mwa ciweruzo ca bwalo lao lalikuru, kuti sukulu ya Boma itsogolere ana m'pemphero kapena m'kuwerenga Buku Lopatulika monga mwa kupembedza. A ku England anayenda njira yina: lamulo lao la 1870 linalola sukulu za mipingo kulandira ndalama ya Boma, koma linapatsa kholo mphamvu ya kupatula mwana wace pa nthawi ya cipembedzo, ndipo la 1944 linalamula pemphero la tsiku ndi tsiku, osacotsa mphamvu imeneyo ya kholo. Njira yathu ifanana ndi yotsirizayi, pakuti mbiri yathu inatiika pamenepo. Sitingathe kuzula mpingo m'sukulu popanda kugwetsa zipupa zace. Ndiponso sitingathe kubweza ndalama ya msonkho ndi kulipira tokha aphunzitsi onse.

CIMENE MBIRI ITIPHUNZITSA

Munthu akakumba citsime pamudzi, dzina lace likhala pa citsimeco, ndipo ayenera ulemu. Ndiye anena za kucisamala ndi kucichinga. Koma mudzi wonse ukayamba kusonkha cingwe ndi ndowa, sangathenso kuimirira pamenepo ndi kufunsa wotunga ali yense kuti, Kodi ndiwe wa pfuko langa? Momwemonso otunga sayenera kuiwala wokumba, kapena kufafaniza dzina lace. Mikangano yonse imene taiwerenga inabuka pamene mmodzi wa eni awiriwo anaiwala mnzace: pamene mpingo unayesa sukulu khomo lace lokha, kapena pamene Boma linasintha zinthu osafunsa omanga.

Tsono ife a m'midzi, amene tikhala m'makomiti a sukulu ndi kuumba njerwa za zipinda zatsopano, ticitenji? Coyamba, tisacite manyazi ndi pemphero la m'mawa ndi nyimbo m'sukulu imene makolo athu anamanga. Zimenezi ndizo maziko ace. Caciwiri, mwana wa cipembedzo cina asakakamizidwe kunena ndi pakamwa cimene atate wace amletsa, asalangidwe cifukwa ca ici, ndipo asacepetsedwe pa mayeso. Pemphero lofinyidwa ndi ndodo silifika patali, ndipo mbiri yationetsa kuti mantha a kukakamizidwa anatsekera mibadwo yathunthu kunja kwa sukulu. Cacitatu, tisasenzetse mphunzitsi katundu wathu. Iye ali nao ana ocuruka a nyumba zosiyana, ndipo alipidwa ndi onse. Kulera mwana m'cikhulupiriro ndi nchito ya pakhomo, ya Sande sukulu ndi ya kalasi, monga kwa anansi athu iri nchito ya madrasa. Mpingo umene uyembekeza kuti Boma liphunzitse ana ace katekisma wagona pa nchito yace.

Ndipo cacinai, tipangane kusanabuke mlandu. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mapangano a 2021 anadza nyumba zitaonongeka kale ndi ana atataya masiku a sukulu. Akadakhala pansi akuru poyamba, zonsezo zikadalewedwa. Pamene pali sukulu yolowamo ana a mpingo ndi a mzikiti, akuru a mpingo, shehe, mfumu ndi mphunzitsi wamkuru akomane caka cisanayambe, nanene poyera za pemphero, za zobvala, za masiku a cikondwerero ndi a kusala kudya, kuti kholo liri lonse lidziwe cimene mwana wace adzapeza.

Iwo amene anatema mitengo ya sukulu zoyamba anafuna kuti mwana wa m'mudzi adziwe kuwerenga ndi kuopa Mulungu. Ife talandira nyumba zao, ndipo talandiranso ana amene iwo sanathe kuwafikira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akalowa pa khomo la sukulu yathu mwana wa Msilamu, wa Mrasta kapena wa mwini dambwe, napeza cilungamo ndi cifundo, adzaturuka atadziwa za cikhulupiriro ca omanga sukuluyo koposa zimene akadaloweza pa mayeso.